Kuonetsa Nthawi ndi Zikumbukiro za Banja Kudzera m'Maonekedwe a Zilembo

Anthu ambiri amene amaona ntchito zanga amandifunsa funso limodzi, ngakhale kuti aliyense amalifunsa mwa njira yake. Wina amakhala ndi makalata a agogo ake, wina kabuku kamene bambo ake ankalembamo masiku obadwa a ana, ndipo onse amafuna kudziwa momwe angapangire chithunzi chopachika pakhoma, kapena kabuku kakang'ono, kamene kangaonetse kudutsa kwa zaka popanda kudalira zithunzi za nkhope. Ndakhala ndikuyankha pakamwa kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi zonse pamakhala mbali ina imene ndimaiwala, choncho ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse pamodzi.

Okonza mabuku ndi zikwangwani amagwiritsa ntchito mawu akuti typography ponena za luso losankha zilembo ndi kuzisanja patsamba. Luso limeneli limatchedwa loyesa zatsopano pamene zilembo zapatsidwa ntchito ina kuwonjezera pa kuwerengedwa, ndiye kuti kukula kwake, kupendekeka kwake, malo amene zaima ndiponso mipata imene zasiya zikulankhula nazo limodzi. Wolemba ndakatulo wa ku France, Guillaume Apollinaire, anasindikiza m'chaka cha 1918 ndakatulo yonena za mvula imene mizere yake inatsetsereka kuchokera pamwamba pa tsamba ngati madontho, kotero kuti maso amaona mvulayo asanawerenge liwu lililonse. Mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse m'malangizo onsewa ndi yakuti chilichonse chimene mwasintha pa chilembo chiyenera kukhala ndi chifukwa chochokera m'mbiri ya banja lanulo. Zilembo zongooneka ngati zakale sizionetsa nthawi, zimangokongoletsa.

1. Sonkhanitsani zolembedwa, ndipo lembani kumene chilichonse chachokera

Musayambire pa kompyuta. Yambani ndi kufunafuna chilichonse chimene dzanja la wachibale linakhudza: makalata, maenvelopu okhala ndi chidindo cha tsiku, mawu olembedwa kuseri kwa zithunzi, ziphaso, malisiti, makope a kusukulu, ngakhale dzina lolembedwa mkati mwa chikuto cha buku. Kenako khalani pansi ndi akuluakulu amene adakali moyo, muwapemphe chilolezo chojambula mawu awo pa foni, ndipo polemba zimene anenazo musazikonze. Ngati agogo abwereza liwu katatu, kapena aima kwa nthawi asanatchule dzina lina, lembani choncho, pakuti kubwereza ndi kuima kumeneko kudzakuthandizani posanja zilembo.

Pa chinthu chilichonse lembani zinthu zitatu m'kope lanu: amene analemba kapena kunena, nthawi imene zinachitika, ndi momwe inu mwadziwira nthawiyo. Kenako gawani zonse m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zimene zinalembedwa pa nthawi yake yeniyeniyo, lachiwiri ndi la zimene wakumbukira munthu amene analipo, ndipo lachitatu ndi la zimene munthu anangomva kwa ena. Ambiri amadumpha ntchito imeneyi chifukwa imaoneka ngati yaukalaliki, koma mukafika pa gawo lachisanu mudzaona kuti popanda magulu atatuwa simungapite patsogolo.

2. Jambulani pa sikana, musunge zenizenizo kutali ndi ntchito

Jambulani pepala lililonse pa sikana pa mlingo wa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi imodzi, chifukwa mudzafuna kukulitsa kachilembo kamodzi mpaka kadzaze tsamba lonse. Jambulani mwa mitundu yonse ngakhale inki ikuoneka yakuda, popeza inki yakale imakhala itasanduka yofiirira kapena yabuluu pang'ono, ndipo sungani fayilo yoyamba mu mtundu wa fayilo ya chithunzi wotchedwa TIFF, osati wa JPEG umene umataya tinthu tina nthawi iliyonse mukaisunganso. Ikani rula pambali pa pepalalo kuti mudzadziwe kukula kwake kwenikweni, ndipo musaiwale kujambula kuseri kwake. Yambani ndi malisiti a pepala losalala aja otuluka m'makina a m'masitolo, chifukwa zolembedwa zake zimabwera ndi kutentha osati inki, ndipo zimazimiririka msanga kuposa china chilichonse.

Cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri ndi kumata selotepi pong'ambika kapena kukuta kalata yakale ndi pulasitiki yotenthetsa pofuna kuiteteza. Guluu wa selotepi amalowa m'pepala n'kusiya banga lachikasu limene silichoka, ndipo pepala lokutidwa ndi pulasitiki yotere silingatulutsidwenso popanda kuonongeka. Ikani zenizenizo m'envelopu ya pepala lopanda asidi, pamalo ouma ndi amdima, ndipo ntchito yanu yonse yodula ndi kumata ichitikire pa makope.

3. Sankhani chinthu chimodzi choti ntchitoyo inene

Simungaike mbiri yonse ya banja pa tsamba limodzi. Lembani chiganizo chimodzi chofotokoza zimene mukufuna kuonetsa, mwachitsanzo momwe dzina limodzi labwererera m'mibadwo inayi, kapena momwe makalata a munthu amene anapita kutali anafupikira chaka ndi chaka. Chilichonse chosagwirizana ndi chiganizo chimenecho chiikeni padera kuti chidikire ntchito ina.

4. Ikani lamulo limene nthawi idzaonekera

Nthawi siioneka ndi maso, choncho muyenera kuibwereketsa chinthu chooneka. Chilembo chili ndi zinthu zingapo zimene zingathe kusintha: malo ake patsamba, kukula kwake, kukhuthala kwa mizere yake, kuda kwa inki, ndi mpata umene uli pakati pa icho ndi chinzake. Sankhani chimodzi mwa zimenezi, kapena ziwiri mukachulutsa, muchimangirire ku zaka ndi lamulo lolembedwa m'manambala, ndipo mukatero musaliphwanye ngakhale pamene zotsatira zake sizikukusangalatsani.

Wojambula wa ku Poland, Roman Opałka, anayamba m'chaka cha 1965 kulemba manambala ndi burashi yaing'ono kuyambira pa 1, ndipo anapitiriza kuwerenga motero pa nsalu imodzi ndi inzake mpaka imfa yake mu 2011, atadutsa 5 miliyoni. Kuyambira mu 1972 ankawonjezera utoto woyera pang'ono, gawo limodzi pa magawo 100, pa mtundu wakumbuyo wa nsalu yatsopano iliyonse, kotero kuti manambala ake oyerawo anayamba kusowa pang'onopang'ono m'kuyera kwa nsaluyo. On Kawara wa ku Japan anayamba pa 4 January 1966 kujambula deti la tsiku limene ankagwira ntchitolo, kawirikawiri m'chilankhulo cha dziko limene anali, ndipo chithunzi chimene sanachimalize pofika pakati pa usiku ankachiononga. Anthu awiriwa sanajambule ukalamba kapena makwinya. Anaika lamulo n'kulimvera kwa zaka zambiri, ndipo nthawi inaonekera yokha m'kumvera kumeneko.

Lamulo losavuta kuyamba nalo ndi la malo. Pepala la A3 ndi lotalika mamilimita 420, choncho mukapatsa chaka chilichonse mamilimita 5, zaka 80 zidzatenga mamilimita 400 n'kusiya kamalire m'mbali. Cholakwa chachikulu pano ndi kusanja zochitika motalikirana mofanana pofuna kuti tsamba lioneke laudongo, pomwe zaka zapakati pake sizofanana. Mukatero mumafafaniza zaka khumi zija zimene palibe amene analemba kalata, komanso mumamwaza miyezi itatu ija imene munali ukwati, kubadwa kwa mwana ndi maliro motsatizana. Lolani kuti mawu athithikane mpaka kukwerana pamene zinthu zinathithikana, ndipo pepala likhale loyera pamene banja linali chete.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito kukhuthala, funani mtundu wa zilembo wotchedwa variable font, umene makampani a Adobe, Apple, Google ndi Microsoft analengeza mu 2016. Mu fayilo imodzi yotere mumatha kusankha kukhuthala kulikonse ndi nambala, kawirikawiri kuyambira pa 100 mpaka 900, choncho munthu wa zaka 80 mungamupatse masitepe 10 pa chaka chilichonse cha moyo wake, dzina lake n'kumanenepa kapena kuonda mogwirizana ndi msinkhu umene anali nawo pa chochitika chilichonse.

5. Ganizirani za mipata, zotsutsana ndi zimene banja silinena

Ili ndilo gawo limene malangizo ambiri amalilumpha, ndipo ndi limene limasiyanitsa ntchito yoona ndi yongokongola. Mukasanja zonse molingana ndi lamulo lanu mudzapeza mavuto atatu: pali zaka zimene palibe akuzidziwa, pali nkhani zimene anthu awiri akuzikumbukira mosiyana, ndipo pali zinthu zimene aliyense akuzidziwa koma sazitchula. Mtima wa wokonza zithunzi umafuna kusalaza zonsezi kuti tsamba liyende bwino, ndipo kompyuta imathandizira bodza limeneli chifukwa chilembo chilichonse chimatuluka chakuthwa mofanana, kaya chikunena chinthu chotsimikizika kapena chongoganizira.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Pa ntchito yanga yoyamba yamtunduwu, chaka chobadwa cha bambo anga cholembedwa pa chiphaso chinali chosiyana ndi chimene azakhali anga ankanena, ndipo ndinasankha cha pa chiphaso chifukwa chinali ndi chidindo. Nditapita nayo ntchitoyo kwa azakhaliwo, anaika chala pa nambalayo, anakhala chete kwa nthawi, kenako anangoti iwo ndi amene ankamubereka mwanayo kumsana pamene wolemba chiphasoyo anali asanamuone n'komwe. Ndinazindikira kuti ndinali nditaweruza mlandu umene sunali wanga, ndiponso kuti ndinali nditachotsa pa tsambalo mboni yokhayo yamoyo.

Njira yothetsera vutoli ili m'magulu atatu aja a gawo loyamba. Patsani gulu lililonse maonekedwe ake osasintha. Zimene zinalembedwa pa nthawi yake zikhale ndi inki yodzaza, zimene wakumbukira munthu amene analipo zikhale ndi mzere wozungulira chilembo koma mkati mwake muli mbee, ndipo zongomva zikhale za timadontho kapena zotuwa. Woonera akangophunzira kusiyana kumeneku amatha kuona, asanawerenge n'komwe, kuti mbali yakale ya mbiri ya banja yaima pa mawu a pakamwa ndipo mbali yatsopano yaima pa mapepala.

Pamene mboni ziwiri zikutsutsana, musasankhe. Tiyerekeze kuti chiphaso chikuti 1948 pomwe mlongo wake wa munthuyo akuti 1946. Manambala atatu oyamba ndi ofanana, choncho alembeni kamodzi, ndipo pa malo a nambala yomaliza sindikizani 8 ndi 6 pamalo amodzimodzi, wina pamwamba pa mnzake, m'mitundu iwiri yoonekera mkati, kuti onse awerengeke ndipo pamene akumana pade kwambiri. Ngati lamulo lanu ndi la malo, lembani dzinalo kawiri, pa zaka ziwiri zonsezo, lililonse ndi theka la kuda kwake. Pamene palibe amene akudziwa chilichonse, siyani mpata wa muyezo wake weniweni. Ngati dzina la mwana amene anamwalira ali wakhanda laiwalika, siyani danga lotalika ngati dzina pa mzere wa abale ake, pamalo ake oyenera mu ndondomeko ya kubadwa, ndipo musaikepo chizindikiro cha funso, chifukwa chimenecho chimasandutsa chisoni kukhala chilapi.

Chitsanzo chabwino cha kulemba kusatsimikizika mwaulemu chili pa khoma lokumbukira asilikali a dziko la America amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam, limene Maya Lin anakonza ali wophunzira wa zaka 21 ndipo linatsegulidwa ku Washington mu 1982. Mayina oposa 57,000 sanasanjidwe motsatira alifabeti koma motsatira tsiku limene munthu anafa kapena kusowa, kuti amene anagwa limodzi akhale moyandikana. Pambali pa dzina lililonse pali kachizindikiro: kadayamondi kwa amene imfa yake inatsimikizika, ndi kamtanda kwa amene anasowa. Mtembo wa wosowa ukapezeka, kadayamondi kamasemedwa pamwamba pa kamtanda kaja. Inunso konzani ntchito yanu motere, kuti tsiku lina kalata yotayika ikadzapezeka, chilembo chopanda kanthu mkati chidzathe kudzazidwa popanda kuyambiranso.

Zimene banja silinena ndi nkhani ina, ndipo pano luso lanu liyenera kugonjera anthu. Kutha kwa ukwati, mwana wobadwa kunja kwa banja, matenda kapena ndende ndi zinthu za anthu amoyo amene adzaima patsogolo pa ntchito yanu. Funsani aliyense amene dzina lake kapena la kholo lake likuonekera, mumuonetse chimene mukufuna kuchita chisanasindikizidwe. Akakana, mungathe kuonetsa kuti panali kanthu popanda kuulula kanthuko, mwa kusanjikiza mawuwo kambirimbiri mpaka asanduke chigamba chakuda chosawerengeka. Wojambula wa ku America, Glenn Ligon, anayamba cha m'ma 1990 kubwereza chiganizo chimodzi kuchokera pamwamba pa chithunzi mpaka pansi pogwiritsa ntchito zilembo zoboola pa pulasitiki, ndipo utoto unkaunjikana mpaka mizere yapansi inkada kwambiri osawerengekanso. Koma dziwani kuti ngakhale chigamba chotere chimaloza chala, choncho nachonso chimafuna chilolezo. Ngati mwininkhani sakufuna ngakhale chimenecho, chisiyeni.

6. Sankhani zilembo zenizeni

Tsopano mungathe kusankha fonti, kutanthauza gulu lathunthu la zilembo, manambala ndi zizindikiro zokonzedwa mofanana. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kugwiritsa ntchito zilembo za nthawi imene mukunenayo, ndipo apa samalani ndi zaka: Futura inatuluka mu 1927, Times New Roman mu 1932, ndipo Helvetica mu 1957, choncho Helvetica singaimire chikalata cha m'ma 1940. Pewani mafonti opangidwa kuti aoneke okumbika kapena othimbirira, chifukwa banga lake limabwerera pamalo omwewo pa chilembo a chilichonse, ndipo diso limazindikira msanga kuti ndi zopeka.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi kutenga zilembo m'dzanja la wachibale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mudzafunika kudekha ndithu. Ndinayala masiginecha anayi a agogo anga aakazi ochokera pa mapepala a zaka zotalikirana, ndipo ndinaona kuti pa yoyamba mchira wa g unali wozungulira bwino n'kutsekeka, pa yachiwiri unali utatseguka, pa yachitatu mzere unkanjenjemera ndipo cholembera chinkadumpha pepala, ndipo pa pepala lomaliza panali chidindo cha chala chokha. Sindinafunikire kuwonjezerapo kanthu. Ndinangokulitsa g mmodzi pa siginecha iliyonse imene inali ndi g n'kuwaika motsatana pa mtunda wa zaka zake.

Mungathe kusandutsa zilembo zotere kukhala mizere yokulitsika popanda kusweka pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Inkscape, ndipo FontForge, imenenso ndi yaulere, ingazisonkhanitse kukhala fonti yotaipira. Tengani mitundu itatu kapena inayi ya chilembo chilichonse chobwerezeka, popeza palibe munthu amene amalemba a wofanana kawiri. Chenjezo langa lalikulu pano ndi lakuti musagwiritse ntchito dzanja la malemu polemba mawu amene iwo sananene. Kutero n'kuwanamizira, ndipo mdzukulu amene adzaone ntchitoyo patapita zaka 30 adzakhulupirira kuti ndi kalata yeniyeni. Mawu anu ndi ndemanga zanu zikhale m'fonti ina yosiyana kotheratu.

Musanakhazikike pa fonti iliyonse, taipani mayina onse a m'banjamo kuti muone ngati ili ndi zilembo zokhala ndi tizizindikiro pamwamba, monga ŵ, é kapena ñ, chifukwa ikasowa chimodzi kompyuta imabwereka kwa fonti ina mwakachetechete ndipo dzinalo limatuluka lachigamba. Onaninso mipata ya pakati pa zilembo ziwiriziwiri, imene akatswiri amaitcha kerning, makamaka pozungulira kachizindikiro ka m'mawu monga ng'ono ndi m'bale, kamene kamakonda kukanirira pa chilembo chotsatira mawu akakulitsidwa.

7. Yesani ndi manja musanamalize pa kompyuta

Sindikizani mawu anu, muwadule ndi lumo, muwayale pansi ndi kuwasuntha kwa masiku angapo. Ngati mukufuna kuonetsa momwe nkhani imasinthira ikamadutsa m'mibadwo, pangani fotokope ya chiganizocho, kenako fotokope ya fotokopeyo, kope limodzi pa m'badwo uliwonse kapena pa zaka zisanu zilizonse, malinga ndi lamulo lanu. Ngodya za zilembo zidzayamba kuzungulira, mizere yopyapyala idzaduka, ndipo kuonongeka kumeneko kudzakhala kwenikweni, kowerengeka ndi manambala. Njira ina ndi kusindikiza m'badwo uliwonse pa pepala loonekera mkati n'kuwasanjikiza, akale pansi ndi atsopano pamwamba, kuti dzina la agogo lizioneka mwachizimezime kupyola m'dzina la mdzukulu, ndipo woonera azitukula tsamba kuti afike kwa akale.

8. Sindikizani, muyese pa wachibale, ndipo mulembe lamulo kuseri

Sindikizani kope loyesera pa kukula kwake kwenikweni, chifukwa zotuwa zimene zimaoneka bwino pa kompyuta nthawi zambiri zimasoweratu papepala, ndipo zilembo za timadontho zimamatana zikachepa kwambiri. Lipachikeni pakhoma n'kuitana wachibale amene sanaone ntchitoyo. Musamufotokozere kanthu, mungoyang'ana pamene maso ake ayambira, pamene waima, ndi dzina limene walifunafuna. Ngati sangathe kupeza dzina la mayi ake, ndiye kuti kuyesa kwanu kwapitirira muyezo, ndipo muyenera kubwezera mawu ochepa owerengeka bwino amene diso lingagwirepo.

Pa kope lomaliza pemphani inki ya pigment, imene imapirira kuwala kuposa inki wamba ya mapulinta a m'nyumba, pa pepala lopanda asidi, ndipo musalipachike pamene dzuwa limawomba. Kuseri kwake lembani ndi pensulo deti limene mwamaliza, dzina lanu, lamulo limene munatsatira m'manambala ake, tanthauzo la mitundu itatu ya zilembo ija, ndi mayina a amene anakuuzani nkhani iliyonse. Sungani fayilo ya PDF pamodzi ndi mafayilo a TIFF ndi fonti imene munapanga m'malo awiri osiyana, ndipo kope limodzi la zolemba zanu za gawo loyamba mulipereke kwa wachibale wocheperapo msinkhu kuposa inu.